Mtunda Wobwera pa Sitima

Thaufeeq atabwera kudzatiuza kuti tikafukule makoko athu a kokonati, anatipeza kuseri kwa nyumba ya Sakeena, tili pamthunzi, tikupota zingwe. Thaufeeq ndi mwana wa mchimwene wanga. Chaka chimenecho anali atangolowa kumene m'khonsolo ya chilumba chathu, ndiye ankayenda atapisira malaya ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

"Azakhali, sitima ija ikubwera ndithu," anatero kwa ine. "Kuyambira pa mzikiti wakale mpaka kumchira kwa chilumba athirako mchenga. Pakhala doko, pakhala nyumba yopangira ayezi. Makoko anu aja mukachotse."

"Nanga bwalo la ndege likhala pati?" anafunsa Sakeena, maso ali pa chingwe. Sakeena ndi mlamu wanga, mchemwali wa mwamuna wanga Idhurees, ndipo lilime lake limacheka kuposa mpeni wotumbulira nsomba.

"Amayi, sindikuseka."

"Nanenso sindikuseka, bwana khonsolo. Doko limenelo anatilonjeza iwe ukadali kuyamwa. Analonjezanso utaphuka mano. Pano wamera tindevu titatu, ndiye wabwera kudzalonjeza wekha."

Tonse tinafa ndi phwete. Iye anangoima, akupukuta thukuta m'khosi.

Makoko a kokonati amene ankanenawo anali kumchira, m'maenje athu, m'matope akuda onunkha mmene madzi amalowa ndi kutuluka. Tinawavundika mphepo ya kumadzulo itangoyamba, tinayalapo masamba, n'kupsinja ndi zidutswa za matanthwe. Khoko likapanda kuvunda mokwanira limakana ulusi wake. Ungalimenye ndi chibonga mpaka phewa litupe, chimene upeze ndi ulusi wofiira, wouma, wothothoka. Athuwo anayenera kugona m'matope mpaka Idi itapita.

Ndipo sanali makoko wamba. Gasim, wamalonda wa ku Male, likulu la dziko lathu, anali atatipatsa ntchito imene sitinaionepo chibwerere zingwe za nayiloni m'masitolo. Pa chilumba china pankamangidwa hotela, nyumba zake zonse zofolera masamba, ndipo eni ake ankafuna zomangira zopota ndi manja kuti alendo azijambula. Tinasonkha makoko a chaka chathunthu, nyumba ndi nyumba. Amene ankasonkhezera moto ndi makoko analeka. Gasim sanabise mawu: "Mukachedwa, za ku India zilipo. N'za makina, n'zotchipa, zimabwera zodzaza chombo."

"Mwana wa achimwene, tamvera," ndinatero. "Mchenga ife timaudziwa. Chaka chilichonse mphepo ya kumadzulo imanyamula gombe la uko, kulizungulitsa kumchira, kudzalitula kuno kuseri kwa Sakeena. Ya kum'mawa ikabwera imalibweza. Zimatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Theka la chaka, azakhali."

"Nyanja yonseyi, ndi mafunde ake onse, osapuma, osaswali, osadya, theka la chaka. Ndiye kasitima kamodzi? Akayamba kuthira tidzauona mchengawo ukubwera, tidzafukula utafika pafupi. Mchenga si mphaka kuti ungatidumphire."

"Akuti sitima yake si yamasewera."

"Akuti, akuti," anatero Sakeena. "Unaiona? Dzipita bambo, malaya angakwinyike."

Sitimayo inafika m'mwezi wa Ramadhani, m'mawa, ine ndikusesa pabwalo. Ndinayamba kuimva m'miyendo. Pansi pankanjenjemera, madzi a m'chitsime akuchita timizere. Nditatuluka ndinayang'ana kumapeto kwa msewu wathu, kumene moyo wanga wonse kumaoneka nyanja, ndipo kunali khoma. Khoma lachitsulo, lakuda, likuyenda pang'onopang'ono. Pamwamba pake, kupitirira nsonga za mitengo ya kokonati, tianthu ta zipewa zachikasu tinkayendayenda ngati nyerere pakamwa pa mphika.

Chilumba chonse chinakathera ku mzikiti wakale. Amuna sanapite kokawedza. Aphunzitsi anatuluka m'kalasi ana ali kale patsogolo. Ngakhale nkhalamba zosayenda anazinyamula pamodzi ndi mipando yawo.

Kenaka kumphuno kwa sitimayo kunatseguka, ndipo pansi pa nyanja panakwera kumwamba. Sindidziwa kanenedwe kena. Ife mtsinje tilibe, timangouona pa kanema, koma tsiku limenelo ndinauona, ukuyenda mumlengalenga. Unali wa mchenga ndi madzi, wotuwa, wokhuthala ngati phala. Unakwera kupitirira nsanja ya mzikiti, n'kupinda msana, n'kukagwera m'madzi osaya ndi mkokomo umene unatitseka makutu. Dzuwa litawomba pa nkhungu yake panamera utawaleza. Mbalame zinabwera kuchokera kumene sindikudziwa, zikuwakha tinsomba togwa kumwamba.

Madzi anayamba atuwa, kenaka anasanduka chithaphwi, kenaka pakati pake panatumphuka msana ngati wa namgumi. Tinadikira kuti umire. Sunamire. Unakula ife tikuona, kutambalala uku ndi uku. Pamalo pamene Idhurees ankamangirira boti lake chiyambire, panatera kakowa, madzi akumufika m'mawondo. Nditacheuka kuyang'ana sitima n'kubwezanso maso, kakowayo anali ataima pouma.

Shehe wathu anatuluka kuti aitane swala ya masana. Anaika dzanja pakhutu, anatsegula pakamwa, n'kukhala choncho, mawu osatuluka.

Sakeena anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa m'khungu.

"Wadheefa," ananong'ona, "kodi zimenezi n'zololedwa?"

"Zololedwa ndi ndani? Boma linasayina."

"Sindikunena boma. Ndikunena Mwini wake."

Kusukulu anatiphunzitsa kuti zilumba zathu zinamangidwa ndi tizilombo ta m'nyanja, kachidutswa pamwamba pa kachidutswa, kwa zaka zimene munthu sangawerenge. Anthu a zipewa zachikasuwa anali atayala malo okwana bwalo la mpira asanamve n'komwe njala ya nkhomaliro.

Itakhuthula zonse, sitimayo inapepuka, inakwera m'madzi mpaka kuonetsa mimba yake yofiira, n'kutuluka kunja kwa matanthwe kukamwa mchenga wina. Ife tinakhala pomwepo. Palibe anakumbuka ludzu. Makoko tinawakumbuka, inde. Sakeena anayang'ana kumchira, anayeza ndi maso, n'kunena kuti kukadali kutali, mawa madzi akaphwa tidzafukula. Panthawiyo madzi anali atadzaza, maenje athu ali pansi, pofika munthu m'chifuwa.

Itabwerera chakumadzulo, sinaime pamene inasiyira. Inadutsa mzikiti, inadutsa mtunda wake watsopano uja, n'kukaloza mphuno kumchira. Tinamva pambuyo pake kuti kumeneko inkatha kuyandikira pokhapokha madzi atadzaza.

"Makoko!" anakuwa Sakeena.

Tinathamanga amayi tonse, wina ndi khasu, wina ndi dengu, mipango ikuuluka. Sakeena analowa m'madzi mpaka m'chiuno, akufufuza ndi mapazi. Koma phala la mchenga lija linkabwera chapansipansi, lolemera, likumanga miyendo. Mwamuna wina wa chipewa chachikasu, wa dziko lina, wotambalala ngati chitseko cha mzikiti, analowa n'kumunyamula ngati thumba la mpunga.

"Nditule, chimutu ngati dzungu! Ndikusala ine! Ukundigwiragwira ndine mkazi wako?"

Iye ankangomwetulira n'kumagwedeza mutu, poti chilankhulo chathu sankachimva. Anamukhazika pamtunda bwinobwino, anamupatsanso silipasi yake imene inavuka.

Dzuwa likulowa tinamasula kusala titaima pamwamba pa makoko athu. Thaufeeq anabwera ndi zipatso za tende ndi botolo la madzi, anatigawira, ndipo sananene kuti ndinakuuzani. Mchengawo unali wozizira, wonunkha kuya, wodzaza ndi zigoba zimene ngakhale asodzi akale sanaziwonepo. Mtima wanga unali ukuwawa, koma mapazi ankangopondaponda okha. M'mawa womwewo pamenepa panadutsa boti.

Tsiku lotsatira tinayesa kukumba. Dzenje lililonse mwini wake ankalidziwa poyang'ana zinthu ziwiri, mtengo wa kokonati wopendekeka wa pagombe ndi thanthwe looneka ngati bowa la m'madzi. Mtengo unalipo. Thanthwe linali pansi pamodzi ndi makoko. Thaufeeq ananyengerera woyendetsa katapila kuti atithandize. Anakumba pamene ndinaloza ine, anakumba pamene analoza Sakeena.

"Maso ako n'ngopendekeka ngati mtengowo," anatero Sakeena.

"Ako owongokawo apeza chiyani?"

Dzenje lililonse likafika kuya kwa munthu, madzi ankatumphuka, m'mbali n'kugumukira mkati. Woyendetsa katapila uja anazimitsa injini, anatambasula manja, n'kubwerera ku ntchito yake.

Ndinamuimbira Gasim ine mwini. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Pepani amayi," anatero. "Hotela sidikira matope."

Ndisaname, doko linatithandiza. Odwala analeka kunyamulidwa pamapewa m'mafunde kuti akakwere boti. Mpunga ndi ufa zinaleka kufika zonyowa. Idhurees anayamba kuika nsomba zake pa ayezi n'kugulitsa tsiku lomwelo ku chombo cha kampani, ine n'kupuma kuwamba nsomba maso ali psu ndi utsi. Zina sizinakome. Matanthwe a pafupi anakutidwa ndi fumbi loyera, tinsomba ta nyambo tinasamuka, amuna n'kumakatisaka kutali, mafuta akupita. Mtunda watsopano anauzinga ndi miyala yakuda yolimba imene dziko lathu lilibe. Inabwera pa zombo kuchokera ku India, mwala wogula ngati shuga. Inatha asanafike kumchira. Anati ina ibwera.

Mphepo ya kum'mawa inatenga gombe la kuseri kwa Sakeena monga mwa nthawi zonse. Sitinadandaule, kubwerekana kumeneko ndi kwa chaka ndi chaka. Koma ya kumadzulo itabwera, sinabweze. Mchenga unkanyamuka bwinobwino, unkafika pa khoma la doko, n'kuunjikana pamenepo ngati anthu pakhomo pa chipatala chotseka. Kumchira sunazungulire.

Choncho ya kum'mawa itabweranso, inatipeza tili maliseche. Ndipo chaka chimenecho inabwera yaukali. Inagwetsa mitengo ya pagombe umodziumodzi. Inatenga mthunzi umene tinkapoterapo zingwe. Inathira mchere m'chitsime cha Sakeena, kenaka inayamba kunyambita khoma la khitchini yake. Khonsolo inagawa matumba, tinadzazamo mchenga, mafunde n'kumawakoka limodzilimodzi ngati mwana wosolola mabisiketi. Amuna anadula mitengo yogwa ija kuti akhome mpanda wotchinga matumbawo, koma zomangira zinasowa. Nayiloni yochepa imene inali m'sitolo inatha, ndipo imene anamangirayo inkaterereka pa mitengo yonyowa. Boti la katundu linali ku Male, likudikira kuti mphepo ileke. Mwezi watsopano unali pafupi, ukubwera ndi madzi ake aakulu.

M'mawa wina Sakeena anaima pakhomo panga, mpango uli pambali.

"Wadheefa, tanunkhiza."

"Ndinunkhize chiyani? Sunasambe?"

"Nunkhiza mphepo, chitsiru iwe."

Ndinakweza mphuno. Fungo la mazira ovunda, la matope akuda, linkachokera kumchira. Fungo limenelo tinakulira nalo, ndipo chiikireni mchenga uja linali litazimirira pa chilumba.

Sitinathamange. Tinayenda mwakachetechete ngati opita kumaliro, amayi ena akutuluka m'nyumba n'kumatilondola. Titafika kumene miyala ya ku India inathera, tinaima.

Nyanja inali italowa pakati pa mtunda wakale ndi watsopano, n'kudula ngati munthu wodula buledi. Panali phompho lalitali kuposa mwamuna. Tinatsikira m'munsi, poti madzi anali ataphwa, n'kuyang'ana khomalo. Pamwamba panali mchenga woyera wa sitima, wosalala, wopanda ngakhale muzu. Pansi pake panali mzere wakuda bii, matope athu akale. Ndipo m'matopemo munali makoko, m'mizere, monga mmene tinawayalira, masamba ali pamwamba, zidutswa za matanthwe zili pamalo pake. Pa dzenje lina pankalendewera kansanza kobiriwira, kodula ku diresi lakale la Sakeena. Chapatsogolo pang'ono thanthwe la bowa lija linali litatulutsanso mutu, nkhanu itakhala kale pamwamba.

Ndinaika dzanja pa khomalo. Linkagumuka pang'onopang'ono ngakhale popanda funde, mchenga ukuyenderera pakati pa zala. Tsiku la sitima ndinaganiza kuti ndaona chinthu chachikulu kuposa zonse zimene ndidzaone. Koma sitima inagwira ntchito yake n'kupita kwawo. Uyu, ndikunena nyanja, sapita kwawo. Kwawo ndi konkuno. Anangodikira, akufufuza pamene miyala inathera, ndipo atapapeza analowa n'kuyamba kubweza zinthu m'malo mwake, osafunsa khonsolo, osafunsa ife.

"Subhanallah," anatero mayi wina kumbuyo kwanga potamanda Mulungu, ndipo ena anabwereza chapansipansi.

Sakeena anasolola khoko limodzi, analinunkhiza, maso ali ndi misozi ya fungolo.

"Waona? Si tinati mchenga timaudziwa?"

"Tinati theka la chaka."

"Tinaphonya pang'ono. Bweretsa dengu."

Makoko a m'mbali anali atavunda mpaka kusanduka phala, tinawataya. Koma a pakati ankatseguka ndi chibonga chimodzi. Titatsuka ulusiwo m'madzi a m'nyanja n'kuuyanika, unatuluka wa mtundu wa uchi, wautali, wofewa ngati tsitsi la khanda. Ine ndapota zingwe chiyambire utsikana wanga, wotere ndinali ndisanaugwirepo. Chilumba chonse chinamveka zibonga. Tinapota pakhonde, tinapota pamsewu, tinapota mpaka zikhatho kusupuka, mikombero ya zingwe ikuunjikana kuseri kwa Sakeena, kumene amuna anali ataimika kale mitengo m'mchenga.

Thaufeeq anajambula mulu wa zingwewo n'kutumiza chithunzi kwa Gasim osatifunsa. Foni yanga inalira iye asanabweze yake m'thumba.

"Amayi Wadheefa! Muli bwanji, kunyumba ali bwanji? Zimene ndaonazi n'zanu?"

"N'zathu."

"Musazinyowetse. Pali hotela ina ikumangidwa, ndipo za makina zija zikuthothoka padenga, eni ake akundidya. Nditenga zonse. Sungani pouma mpaka mphepo ileke."

Ndinamuuza kuti ndamva, n'kudula. Amayi onse anali atamva, poti Gasim salankhula, amakuwa. Ntchito imene tinailirira chaka ndi theka inali itabwerera yokha. Tinayang'ana zingwe. Tinayang'ana khoma la khitchini ya Sakeena, limene linali ndi mng'alu woti nkhuku n'kulowa. Idhurees ndi anzake anali ataima m'madzi ofika m'mawondo, atagwira mitengo ndi manja, akutiyang'ana.

Panalibe chokambirana kwenikweni. Nyumba ya Sakeena ikagwa, yotsatira inali yanga, kenaka ya wina, mpaka msewu wonse. Ndinatola mkombero wa pamwamba n'kuponyera mwamuna wanga.

"Umange ngati mwamuna," anatero Sakeena kwa mchimwene wake. "Osati mfundo zako zomangira thumba la anyezi."

"Achemwali, nyumba yake ndi yanu. Mukapitiriza ndimanga ya anyezi yomweyo."

Anamanga tsiku lonse, mtengo kwa mtengo, ife tikuponya zingwe ndi kudzaza matumba kumbuyo kwake. Chingwe cha kokonati chikamwa madzi amchere chimatupa n'kuluma mtengo. Pamene madzi aakulu amayamba kukwera, mfundo zinali zitalimba moti mpeni wokha ndiwo ukanazimasula.

Tinaima pakhoma la khitchini kuonerera. Funde loyamba linabwera lalitali, lobiriwira, dzuwa likuwala mkati mwake moti tinaona tinsomba tili momwemo ngati m'botolo. Linamenya mpandawo. Pansi panagwedezeka monga tsiku la sitima lija. Mitengo inabuula ngati boti lakale, inaweramira kwa ife, zingwe zikulira, kenaka inabwerera. Thovu linatiwaza kumaso. Lachiwiri linabwera lalikulu kuposa loyamba, nalonso n'kubwerera. Matumba anali pomwepo.

Foni inaliranso. Anali Gasim. Sakeena anandilanda.

"Mwasunga, amayi?" mawu ake anamveka mpaka kwa ife.

"Tasunga, bambo Gasim. Zili pabwino, m'madzi amchere, sizingafumbwe."

"M'madzi? Ndati pouma!"

"Pouma pake ndi pamene tikufunafunapa. Mukazifuna, bwerani mudzamasule nokha."

Anandibwezera foni ikulankhulabe, anapukuta thovu kumaso ndi mpango, n'kukhala pansi pafupi ndi dengu la ulusi kuti apote zina. Kumbali ya kwanga mpanda unali usanafike.